Soketi ya Kuseri kwa Kabati

Apongozi anga aamuna sangadutse swichi osaigwira. Mumsewu mwathu amawatcha a Zimitsani, ndipo eni ake amavomera. Anagwira ntchito yoyang'anira nyumba ya maofesi mpaka imvi mbuu, kutsata mabwana m'mbuyo n'kumazimitsa mababu ndi mafani osiyidwa. Atapuma, ntchito ija anabwera nayo kwathu.

Ine ndimasoka zovala pakhonde. Mwamuna wanga amayendetsa lole ndipo amatha masiku ali paulendo, ndiye wolimbana nawo ndinali ine. Madzi a tiyi awire kamodzi m'mawa, otsala mufulasiki. Kusita kukhale tsiku limodzi, zovala zonse pamodzi. Poto wopanda chivundikiro pamoto unali mlandu. Ukatsegula filiji n'kuima uli kuganiza, umangomva munthu akutsokomola kumbuyo kwako. Koma mdani wawo wamkulu anali machaja osiyidwa pakhoma. Ankati timagetsi tofiira timeneto timadya mwakachetechete ngati chiswe, ndipo kwinakwake kuli chimakina chikufuka utsi chifukwa cha ulesi wathu. Za utsi sankachita nthabwala. Akazi awo anamwalira ndi chifuwa atatha moyo wonse akuphika m'kakhitchini kopanda zenera.

Zinkanditopetsa, kunena zoona. Koma ndi bambo a mwamuna wanga, ndikanatani?

Mwana wathu wamkazi, amene agogo ake amamutcha Kanyerere chifukwa sakhazikika, ali ndi mphumu. Kuchipatala anatilangiza kugula kamakina ka m'manja kamene kamasandutsa mankhwala kukhala nthunzi, kuti azipuma chifuwa chikamutseka. Kali ndi batire mkati. Ndinakalumikiza pa soketi ya kuseri kwa kabati kuti kakhale kodzaza nthawi zonse, komanso kutali ndi maso a agogo. Sindinawauze, ndinkati kumeneko sangafikeko.

Loweruka lina masana magetsi anazima. Aneba akuseri anasankha tsiku lomwelo kutentha zinyalala, mapulasitiki ndi chitayala chomwe, ndipo utsi wakuda bii unalowa pazenera. Ndili pamakina osokera ndinamva mwana akutsokomola. Kenako kutsokomola kunaleka, kunabwera kamluzu kaja ka m'chifuwa kamene ndimakaopa kuposa chilichonse. Ndinamupeza atakhala pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali pa ine. Ndinamupopera mankhwala a m'kamwa koma sanaphule kanthu.

Ndinakankha kabati, ndinathira mankhwala m'kamakina, n'kudina batani. Zii. Ndinadinanso, zii. Nditayang'ana pakhoma ndinaona swichi ili yozimitsa, chingwe chitazulidwa n'kukulungidwa bwinobwino pansi. Munthu wokulunga chingwe chotero m'nyumba muno ndi mmodzi yekha. Pachingwepo panali fumbi.

Apongozi anali ataima pakhomo. Ananena motsitsa mawu kuti mwezi watha, akusesa, anaona kagetsi kakuthwanima pansi pa kabati, ndipo anayesa chaja ya foni yoiwalika.

Mtima unandiwira, ulemu wonse unathawa.

“Mwazimitsa zonse m'nyumba muno, bambo. Lero mwazimitsa ndi mwana wanga yemwe.”

Apongozi anangotembenuka n'kulowa kuchipinda kwawo, ine n'kuganiza kuti athawa manyazi. Ndinaimbira wa takisi amene timamudalira. Anati ali kutsidya kwa tauni ndipo msewu wadzaza, koma akubwera. Ndinatseka mazenera, ndinamukhazika mwana pamiyendo. Milomo yake inayamba kutuwa. Anayesa kunena kuti amayi, mawu osatuluka.

Kuchipinda kwa agogo kunamveka chinthu chikugwa. Inali wailesi yawo, aigwetsa pozula waya. Anatuluka atanyamula kabokosi ka batire kamene amakadzazitsa ndi kasola kawo ka padenga, kamene mwamuna wanga amakanena kuti chidole cha madala. Anagwada pasimenti, ngakhale mawondo amawavuta, n'kulumikiza chingwe cha fumbi chija. Kagetsi kofiira kanayaka. Ndinadina batani, kamakina osalira. Apongozi anati batire ya kamakina yauma kwambiri, tiipatse mpata imwe kaye.

Mpata wake uti? Ndinkafuna kukuwa. Iwo anagwira dzanja la mwana n'kuliika pachifuwa pawo, akumuuza kuti azitsata mmene agogo akupumira, pang'onopang'ono, asathamange. Thukuta linali kutsika m'khosi mwawo. Ine maso anali pa kagetsi kaja, chala pa batani, ndikumva kamluzu kakucheperachepera. Kuchepa kumeneko si kuchira, anamwino anandichenjeza kale.

Ndinadinanso. Kamakina kanayamba kulira ngati njuchi, nthunzi yoyera n'kutuluka. Ndinamuvundikira mphuno ndi pakamwa. Anakoka kamodzi movutika, anakokanso, kenako anatsokomola chitsokomolo chenicheni. Apo m'pamene ndinayamba kulira.

Takisi itafika tinapitabe kuchipatala, ndipo anamugoneka. Njira yonse apongozi anafukata kabokosi kaja pamiyendo.

Titabwerako, m'nyumba munasintha. Sanagwirenso swichi. Babu la pakhonde linkayaka mpaka dzuwa pamutu, iwo n'kudutsa pansi pake atawerama. Ndinatsegula filiji dala n'kuima, osamva kutsokomola kulikonse. Zinandipweteka kuposa kulongolola kwawo konse. Ndinayamba kuzimitsa ndekha. M'mawa wina ndinawapititsira tiyi wa m'fulasiki, n'kuwapempha kuti andikhululukire pakamwa panga, komanso kuti ayambirenso ntchito yawo chifukwa ine ndikuiwala zambiri. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Tsiku lomwelo anapita kwa aneba kukakambirana za zinyalala, ndipo anabwerako atagwirizana zokumba dzenje. Kenako anasuntha kabati, soketi ija inakhala poyera, n'kumata swichi yake ndi tepi yofiira.

Tsopano m'mawa uliwonse amazungulira nyumba ngati kale, babu ili, chaja iyo, ketulo. Akafika pa soketi ya tepi amaika manja kumbuyo, n'kuwerama kuona ngati kagetsi kakuyaka. Dzulo Kanyerere anawapeza ali chomwecho, n'kuwafunsa chifukwa chake iyo yokha saizimitsa.

“Iyi si ya magetsi, Kanyerere,” anatero. “Iyi ndi mpweya wako.”