Atelala ndi Nsomba Zosafika Pakhomo

Tsiku limene Atelala analowa m'chipatala mbedza ili lende kukhutu, anamwino anayamba aitana kaye anzawo kuti adzaone. Mbedzayo inali ndi tinthenga tofiira ndi ulusi wachikasu, moti inkaoneka ngati ndolo ya mkwatibwi. Ululu wonse anapirira mwachimuna, koma ataona anamwino atenga chodulira, anawagwira mkono n'kuwachonderera kuti ngati pali chodula adule khutu, mbedzayo aisiye, chifukwa inawatengera maola atatu kuti aimange.

Atelalawa amasoka pakhonde la nyumba yawo, kumapeto kwa msewu wathu. M'dirowa ya makina, mmene anzawo amasungamo mabatani, iwo amasungamo nthenga. Amazimangirira ndi ulusi pa timbedza mpaka tifanane ndi tizilombo touluka tija timatera pamadzi. Nyongolotsi amati ndi nyambo ya alesi. Loweruka lililonse amavundikira makina, n'kunyamula ndodo yawo yowonda ija, ulendo wa ku timitsinje ta kuphiri, tina toti munthu n'kulumpha osanyowa.

Vuto linali limodzi: nsomba pakhomo sizinkafika. Iwo ankati akagwira amazibwezera m'madzi, ndiwo mwambo wa usodzi umenewu. Mayi ogulitsa makala, oyandikana nawo mpanda, atamva zimenezo anaseka mpaka kukhala pansi. Pasanathe sabata, msewu wonse unali utadziwa kuti nsomba ya Atelala ili ndi miyendo iwiri ndipo imadzola mafuta onunkhira.

Nkhaniyi itafika kwa akazi awo, sanakalipe. Anangonena kuti Loweruka likubwerali apitira limodzi, ndipo akapanda kuiona nsombayo ndi maso awo, ndodo ilowa pamoto, iwo akapuma kaye kwa achemwali awo.

Loweruka lija akazi a Atelala anatuluka atatchena diresi yoyera mbee ndi nsapato za kutchalitchi, kuti mkazi mnzawoyo asakawaone otsalira. Ananyamulanso kabeseni, mwina mwake nsomba n'kukhaladi nsomba.

Atayandikira kamtsinje, Atelala anagwada n'kuyamba kukwawa. Ananong'oneza kuti nsomba za m'timadzi tochepa ndi zamantha: zimathawa chithunzithunzi cha munthu, zimamva ngakhale phazi likaponda mwala. Mayiwo anayankha mokweza kuti sanakwawepo chikwatiwire, ndipo sayambira lero. Anaima njo pamwamba pa dziwe ndi diresi yawo yowala ija, nsomba zonse zii pansi pa miyala.

Anakwera mtsinje dziwe ndi dziwe. Atelala ankaweyula chingwe m'mwamba n'kuteretsa kachilombo kawo pamadzi mofatsa. Kawiri konse anakola nthambi. Dzuwa linafika pamutu, thukuta lili chuchuchu, ndipo ankangoisisita ndodo ija ngati akuitsanzika.

Mayiwo, nsapato zitawaluma, anali atakhala pamwala pamthunzi, maso ali pamadzi. Paja ndi munthu woti ulusi umodzi ukasiyana mtundu pa malaya amauona ali pageti.

“Bambo, tizilombo tikutera apati ndi takuda, tating'ono. Nanga inu chimene mukuponyacho, chofiira ngati chikupita kuukwati, angadye ndani?”

Atelala anasanthula kabokosi kawo, chakuda munalibe. Mayiwo anavula mpango wakuda kumutu, n'kusolola ulusi m'mphepete mwake. Pomwepo, atakhala pamwala, Atelala anakulunga kambedza ndi ulusiwo, n'kuwonjezera kanthenga kamodzi. Anapempha kuti akazi awo awerameko pang'ono chabe. Anthu sakhulupirira ndikamanena, koma mayi aja anagona chafufumimba m'matope, diresi yoyera ndi yonse.

Kachilombo kanatera pafupi ndi muzu, kanayandama pang'ono, kenako madzi anati phwa! Ndodo inapindika. Inali nsomba yotalika ngati chikhatho, ya timadontho tofiira m'mbali. Atelala ananyowetsa manja, n'kuitula m'manja mwa akazi awo, n'kuyang'ana kumbali kuti asaone ikulowa m'beseni.

“Kakunjenjemera,” anatero mayiwo. Anakayang'anitsitsa kwa kanthawi, n'kutsitsa manja m'madzi mpaka kanapulumuka. Kenako anatambasula dzanja. “Bweretsani ndodoyo. Inu mwaponya zokwanira.”

Mpaka madzulo Atelala anali wonyamula chikwama. Mayiwo anakola nthambi kasanu, anagwira nsomba ziwiri, zonse n'kuzibwezera.

Anatulukira mumsewu wathu akuseka ngati ana asukulu, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'beseni. Mayi a makala anali atadikira pampanda chiyambire masana. Anasuzumira m'beseni muja n'kufunsa kumene kuli nsomba. Akazi a Atelala anafotokoza monyadira kuti azibwezera m'madzi, akazichezeranso Loweruka, ndipo anafunsa ngati tambala wakuda wa mayi a makalawo angadandaule atamuzula nthenga ziwiri zokha.

Mayi a makala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

“Bola akanakhala ndi chibwenzi, tikanawalangiza. Koma apa amisala mwakwana awiri nyumba imodzi.”