Mapiritsi a Mlongo Wanga Tobiyasi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma la siwa pakati pa amayi anzanga mpaka miyendo inachita dzanzi. Nyimbo zinali zitazilala. Kunangotsala mayi mmodzi wa mawu osasa amene ankati akayambitsa nyimbo n'kuiwala pakati, anzake n'kumusiya asambire yekha. M'bokosi pakati pa nyumba munali mlongo wanga Tobiyasi, wondipondera pamutu, amene ndinakula ndikumubereka kumsana.

Panja mwera unkawomba ngati tinaulakwira. Abambo anali atadzipinda mozungulira chitsa chofuka, ena atafunda matumba. Tinasonkha moto kuseri kwa nyumba, utsi ukutitsata kulikonse kumene tathawira, ndipo tinatereka nyemba kukadali mdima.

Tobiyasi anayamba ndi kabaza, kunyamula anthu ndi madengu a nsomba kuchokera kugombe kukafika pamsika wa Khombedza. Miyendo yake inalimbira mumchenga momwemo. Kenako analowa mipikisano ya njinga, ija yotenga masiku angapo, lero kugona boma lino, mawa boma lina. Chaka china, pa chitunda chachitali chochoka ku Salima kulowera ku Lilongwe, anawasiya anzake onse ngati aima. Madzulo ake mnzake wogona naye chipinda chimodzi anamuona akumeza mapiritsi amene ankabisa m'sokosi. Pofika mmawa nkhani inali pakamwa pa aliyense, yakuti Tobiyasi amamwa mankhwala owonjezera mphamvu ngati akatswiri akunja amene timamva pa wailesi kuti agwidwa. Akuluakulu a mpikisano atamufunsa kuti mapiritsiwo ndi a chiyani, iye anakana kuulula. Anamuuza kuti ayambe wakhala pambali mpaka nkhaniyo ithe. Nkhani sinathe. Anabwerera ku kabaza, anyamata a pamsika akumuitana kuti Dokotala.

Ife a m'nyumba tinkadziwa. Anali mapiritsi a khunyu, ochokera kuchipatala. Matendawa anamuyamba ali ku pulayimale, ndipo amayi anatilumbiritsa kuti tisadzawatchule panja, poti kwathu kuno alipo anthu amene sadya mbale imodzi ndi wakhunyu, ndipo abale ake amavutika kupeza banja. M'nyumba tinkangoti “zija”. Iyenso ankaopa kuti akaulula sadzamulolanso kupikisana, ndiye analolera kutchedwa wachinyengo. Mtima utamusweka anayamba kudumphitsa mankhwala. Zija zinamupeza akusamba m'nyanja, pamadzi ofika m'mawondo mokha, n'kumira pomwepo.

Kutangoyera, amalume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo ndiwo ankayenera kunena mbiri ya malemu kumanda.

“Za njinga sitinena,” anatero. “Tinena kuti anali wopemphera, wasiya mkazi ndi ana, wafa ndi madzi. Basi.”

“Amalume, ndiye tikuika ndani? Munthu ameneyu moyo wake wonse unali pa njinga.”

“Ukatchula njinga watchula mapiritsi. Ukatchula mapiritsi anthu afunsa kuti a chiyani. Ukufuna amako tiwaike lero lomwe?”

Ndinachoka msanga, poti pakamwa pangapa ndimapadziwa. Zinandiwawa kwambiri kuti mlongo wanga akwiriridwa ngati munthu amene sanachitepo kanthu pa dziko, pamene m'mitima ya anthu atsala wakuba. Ukali wanga wonse ndinauthera pa kabichi, moti mayi wina anandilanda mpeni n'kunena kuti kabichiyo sanaphe munthu.

Dzuwa litatuluka, pamsewu wa tala panaima galimoto ya chimkuzamawu, pomwe adzukulu, anyamata okumba manda, anayala nthambi za masamba. Wa kuno aliyense amadziwa tanthauzo la nthambi pamsewu. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kukankha mpaka atapitirira pamaliro. Munatsika amuna awiri aulemu wawo, n'kunena kuti mpikisano wa njinga udutsa lero kuchokera ku Nkhotakota, choncho tichotseko nthambizo kuti anyamata asagwe. Anati adutsa msanga, ife tisananyamule maliro. Sanafunse kuti wamwalira ndani. Mwa masiku onse a Mulungu, mpikisano womwe uja unasankha tsiku limenelo! Amalume anavomera mwachangu ngati akuthamangitsa nkhuku pa ufa, ndipo adzukulu anakokera nthambizo m'mbali akung'ung'udza.

Anthu anayamba kufika. Anabwera asodzi amene mwera unawatsekereza kumtunda, anabwera amayi achisilamu amene timagulitsa nawo usipa, atafunda mipango yawo yaitali, anabwera a kumpingo atavala zoyera. Akabaza anafika gulu, akukankha njinga zawo kuchokera patali ngakhale nthambi panalibe, n'kuziyedzamiritsa kumpanda. Ena mwa iwo anali omwe aja a Dokotala, koma maliro sasankha mlendo, tinawapatsa tiyi. Pogawa chakudya ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti akuti mtima unaima chifukwa cha mankhwala aja. Ankanena zimenezi nyemba zathu zili m'kamwa. Ndinamuwonjezera chipande china, ndikumuyang'ana m'maso, mpaka anatsamwa.

Abusa analalikira mwachidule chifukwa mphepo inkawalanda mawu. Mlamu wanga, mkazi wa Tobiyasi, analira mpaka mawu kutha pamene ankatseka bokosi. Amayi sanalire mokweza. Anangokhala pansi, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti sibwera.

Manda athu ali tsidya lina la msewu. Tonse tinkayesa kuti anjinga anadutsa kale, osadziwa kuti mwera womwewo unkawawomba kumaso n'kuwachedwetsa. Bokosi litangofika m'mphepete mwa tala, panatulukira njinga yamoto ya mbendera, woyendetsa akuimba wezulo kuti tiime kaye. Tinaima. Adzukulu anaima ndi mlongo wanga pamapewa, nyimbo inadukira pakati, ndipo ine ndinamva manyazi osaneneka kuti ngakhale atafa akumuuzabe kuti akhale pambali.

Kutsogolo kunkabwera mnyamata mmodzi yekha, atawerama, anzake atawasiya kutali moti ankangooneka ngati nyerere. Aliyense ankaona kuti tsikulo linali lake. Atafika pafupi anadzutsa mutu n'kuona bokosi. Pamsewu panalibe nthambi ngakhale imodzi yomukakamiza, koma tinamva mabuleki akulira. Anatsika, anavula chisoti chake, n'kuyamba kukankha njinga, nsapato zake zikumveka go go go pa tala.

Munthu wa m'galimoto yomutsatira anatulutsa mutu. “Iwe, kwera! Akupeza anzako!”

Mnyamatayo sanacheuke. Akupuma wefuwefu anafunsa wakabaza amene anali naye pafupi kuti, “Watisiya ndani, achimwene?”

“Ndi Tobiyasi, uja wa njinga.”

Anaima pomwepo. Anayang'ana bokosi, thukuta likutsika kumaso, n'kunena kuti, “Ameneyu ndiye anandiphunzitsa kukwera chitunda.”

Gulu lija linamupeza ali chiimire. Oyamba anatsika, otsatira anatsika, dzina la Tobiyasi likuyenda pakati pawo kubwerera m'mbuyo. Ngakhale a m'mayiko oyandikana nafe, amene sankamva chinenero chathu, anayang'ana anzawo n'kuvula zisoti. Ndinkafufuza pankhope zawo kuti mwina ndimuone uja wa nkhani ya sokosi, koma sindinkamudziwa, ndipo mwina ndi bwino kuti sindinamudziwe. Anapatuka mbali ziwiri n'kutisiyira njira. Amayi a kumpingo anayambiranso nyimbo, ndipo mlongo wanga anawoloka msewu pakati pa njinga. Titawoloka tonse iwo anakankhabe mpaka kupitirira nyumba yathu, ndipo kumeneko ndiko anakwera. Amene anapambana tsikulo sindikumudziwa mpaka lero.

Kumanda amalume anaimirira n'kuyamba monga anakonzera, za tsiku lobadwa ndi za mpingo. Ine ndinali pansi pakati pa amayi, pamene ndinamva dzanja likundikoka chitenje. Anali amayi anga.

“Pita ukawauze amalume ako anene zonse.”

“Zonse ziti, amayi?”

“Za njinga. Ndi za khunyu.”

Chibadwire changa ndinali ndisanawamve akutchula mawu amenewo. Ndinawayang'ana kuti mwina chisoni chawasokoneza mutu, koma maso awo anali owuma, olunjika.

“Ana a eni atsika pa njinga chifukwa cha mwana wanga,” anatero, “ine womubala ndizimubisabe? Pita.”

Ndinayenda chowerama, ndinagwada pafupi ndi amalume n'kuwanong'oneza. Anayang'ana kumene kunali mlongo wawo, amayi n'kugwedeza mutu. Kenako anatsokomola n'kunena, ndipo ananena bwino kuposa mmene ine ndikananenera ndi ukali wangawu. Anati mphwawo anali katswiri wa njinga amene anakwera chitunda chija ndi miyendo yake ndi mapapo ake. Anati mapiritsi amene anamupezera mlandu anali a khunyu, ochokera kuchipatala, ndipo ndife abale ake tinamuphunzitsa kubisa. Anati khunyu ndi matenda ngati ena onse, sapatsirana, ndipo wakumwa mankhwala mokhulupirika amagwira ntchito ngati wina aliyense.

Palibe anathawa. Palibe anasendera kutali ndi pamene tinakhala. Akabaza anazyolika, ndipo mmodzi wa iwo, uja wokonda kukuwa kuti Dokotala, anapempha khasu kwa adzukulu n'kukwirira nawo akulira ngati mwana. Mlamu wanga anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka dothi lomaliza. Ndinalira pamenepo, koma kulira kwake kunali kopepuka.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Miphika yobwereka inabwerera kwa eni, bwalo linali phulusa ndi mapazi okhaokha, ndipo mwera unali utatopa. M'nyumba munatsala ife achibale, aliyense ali duu pamphasa, ana atagona ndi zovala za kumanda. Amalume anakhala pakhonde okha.

Tinamva “odi” wapansipansi. Anali mmodzi wa amayi a usipa aja, akuti anaiwala mbale. Ndinamufunira mbaleyo paliponse, osaipeza, ndipo pobwera ndinamupeza atagwada pafupi ndi amayi, akupotokola nsonga ya mpango wake.

“Pepani mama, lero si tsiku lofunsa zinthu,” anatero. “Koma wanga wachiwiri uja amagwa. Timamutsekera m'nyumba, bambo ake safuna kuti anthu adziwe. Mapiritsi amenewo amapereka kwa aliyense?”

Amayi anasendera n'kumupatsa malo pamphasa.

“Khalani apa,” anatero. “Tikangosesa maliro ndikuperekezani ndekha. Mwanayo dzina lake ndani?”