Mwendo wa Mpando wa Mlombwa

Ine sindikhulupirira munthu. Ndinene zimenezi poyambirira kuti muziwerenga mukudziwa. Wogulitsa nyemba mumsika ndimamuyang'ana m'manja, osati kumaso. Makiyi a nyumba yanga ku Mtiya amakhala pachingwe m'chiuno, ndipo ngakhale ana obereka ndekha sadziwa pomwe ndimabisa kiyi winayo. Chimene ndimakhulupirira ndi mphuno yanga. Zaka zambiri ndinkatsika phiri la Zomba mtolo wa nkhuni uli pamutu, malemu amuna anga akucheka matabwa kumtunda komweko, moti mtengo uliwonse ndimaudziwa ukangokhudza moto. Paini amatuluka utomoni nathetheka. Bulugama amalowa m'maso. Mkungudza umanunkhira bwino, koma ukakhala nawo pafupi nthawi yaitali mutu umalemera.

Mdzukulu wanga wamwamuna, mwana wa mwana wanga wamkazi, anabwera kudzakhala nane atapeza malo kuyunivesite ku Chirunga. Iyeyu anabadwa ndi mphumu. Ali wamng'ono ndi ine ndinkathamanga naye kuchipatala, chifuwa chikulira kumsana kwanga ngati kamwana ka mphaka. Atakula matendawo anagona, koma ine sindinawaiwale.

M'chaka chake chachiwiri ndinamva fungo la chamba m'malaya ake pochapa. Ndinamufunsa, anakana. Ndinamufunsanso, anati ndi anzake amene amakhala nawo pafupi. Kenaka chifuwa chija chinadzuka, ndipo chifuwa sichidziwa kunama. M'mawa uliwonse akamasamba ndinkamumva akukhosomola mpaka kugwira khoma. Ndinakalipa, ndinalira, ndinamuopseza kuti ndimuthamangitsa. Koma ndinkadziwa kuti sindingatero. Akapita kukakhala ku mahositelo, ndani azikamvetsera chifuwa chimenecho?

Patapita miyezi fungo lija linatha m'malaya, kukhosomola kunachepa, koma maso anali ofiirabe. Ine zinthu zikasintha popanda chifukwa ndimafufuza. Ali kukalasi ndinalowa m'chipinda chake, ndipo m'sokosi ndinapeza kanthu kamtengo, kotalikirapo pang'ono kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi kamlomo koyamwira ndi kabowo kotchajira ngati ka foni. Mtengo wake unali woyera, wosalala, wong'aluka pang'ono m'mbali. Ndinaununkhiza, sindinaudziwe. Sunali wa kuno.

Ndinakaika patebulo pambali pa kapu yake ya tiyi. Atakaona anakhala pansi. Anandifotokozera kuti anakagula kwa mnzake amene anabwera nako kuchokera ku Joni, kuti m'kati muli batire ndi kachitsulo kamene kamatenthetsa chambacho osachiyatsa, ndiye munthu amakoka nthunzi m'malo mwa utsi. Mtengowo ndi chikuto chabe, choti dzanja lisapse. Anatchula dzina la mtengo wake, lachizungu, linandidutsa.

"Anganga, kusiya kwandikanika," anatero. "Koma utsi ndasiya. Ndikuyesetsa."

Sindinamuyankhe kuti chabwino. Sindinakaponyenso m'chimbudzi, ngakhale dzanja linkafuna. Ndinali nditamva ndekha kuti chifuwa chafatsa.

Tsiku lina kanagwa pasimenti, chikuto chija chinagawanika pawiri. Loweruka lake anakwera kuphiri kwa osema ziboliboli amene amayala malonda awo m'mbali mwa msewu kudikira alendo, ndipo anabwerako ndi chikuto chatsopano, chakuda bii, chonyezimira. Anandionetsa monyadira, ati ndi phingo weniweni, mtengo wolimba kuposa wachizungu uja. Ndinangoti eya.

Sabata isanathe kamwana ka mphaka kaja kanabwerera m'chifuwa. Ulendo uno zinafika poipa kuposa nthawi ya utsi. M'mawa wina anatuluka kubafa milomo itachita mbuu, nakhala pakhonde akusaka mpweya. Atapezako bwino ndinamuuza kuti andipatse kanthu kaja. Ndinakayeza m'manja. Phingo ndimamudziwa, amalemera ngati mwala, pomwe aka kanali kopepuka ngati chitsononkho. Ndinakapala ndi mpeni m'mphepete, m'kati munatuluka moyera. Kachipalo kameneko ndinakaponya pakhala lamoto pambaula, ndinaweramira. Paini, ndi polishi wa nsapato.

Ndinadzitukwana ndekha chifukwa chosakagwira tsiku loyamba lomwe lija. Ine amene ndinawaona osema amenewa zaka zonsezo, atakhala pansi pa mitengo ndi tizitini ndi maburashi, akudetsa njovu zapaini kuti zisanduke zaphingo! Njovu yoika pashelefu ilibe vuto. Koma mwana wanga ankatenthetsa polishi tsiku ndi tsiku n'kumamukokera m'mapapo.

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, chinthu chimene ndinalumbira kuti sindidzakwera, mpaka kuphiri. Wosemayo sanavute kupeza, chifukwa mdzukulu wanga anali atandilongosolera: bambo wachikulire wovala kachisoti koyera, wa mano awiri otsogola. Ndinamuikira chikutocho pamphasa, popalidwa paja pakuyang'ana kumwamba, ndipo ndinamufunsa ngati phingo wa masiku ano amayera m'kati.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, phingo pa Zomba pano munamuona liti? Inu mukuoneka kuti phirili mumalidziwa."

Anati mnyamatayo anabwera ndi zidutswa ziwiri, namuuza kuti akufuna kabokosi kofanana nazo kosungiramo timawaya tomverera nyimbo, ndipo kakhale kakuda. Ndiye iye anachita zimene amachita masiku onse. Nditamuuza ntchito yeniyeni ya kanthuko, ndi mmene mwanayo anakhalira pakhonde, kuseka kuja kunatha. Anatenga chikutocho, anachitembenuza kawiri katatu.

"Chamba ine ndimadana nacho, chipembedzo changanso chimakana," anatero. "Koma akanandiuza zoona, sindikanamudyetsa polishi mwana wa munthu."

Pamenepo ndinazindikira kuti bodza linayambira kunyumba kwanga. Mwanayo anachita manyazi kunena zoona kwa munthu wamkulu, ndipo manyazi amenewo ndi ine ndinamuphunzitsa ndi kukalipa kwanga.

Ndikanatha kutsika phiri n'kusiya nkhaniyo pomwepo. Koma ndinkadziwa chotsatira: popanda kanthu kaja abwerera kopichira chamba m'pepala, utsi ubwerera. Wosemayo anati asema china, ndipo anayamba kundionetsa mitengo. Mkungudza ndinakana, mafuta ake ndi aukali ukatenthedwa. Anatulutsa chidutswa chofiirira, ati mbawa. Ndinamufunsa kuti chinachokera kuti, anati kwa kalipentala wina mtauni. Ndinati thabwa la kwa kalipentala sindingadziwe kuti linamwa mankhwala anji a chiswe. Anakweza manja m'mwamba, nati ndiye ndibweretse mtengo wanga, poti wa anthu ena onse ndi wa mfiti.

Ankanena mwanthabwala, koma ine ndinamva.

Pakhonde panga pali mpando wa mlombwa umene amuna anga anakhoma tisanabereke mwana woyamba. Sunalawepo vanishi. Iwo ankati vanishi ndi wobisira mabodza a kalipentala. Mtengo wake ndinauona ukugwa, ndinauona ukukha madzi ake ofiira ngati magazi, ndinauona ukuuma pamthunzi. Padziko pano palibe mtengo wina umene ndimaudziwa chiyambi chake chotero. M'mawa mwake ndinatenga sowo yawo yakale, ndinadula mwendo wakumbuyo. Ndinautenga n'kubwerera nawo kuphiri.

Tsiku lonse ndinakhala pamphasa ya wosemayo maso ali pa manja ake. Anzake ankamuseka kuti walemba kapitawo. Itakwana nthawi yake yokaswali masana, ndinatenga chidutswacho n'kuchimanga pansonga ya chitenje mpaka atabwerako.

"Mayi, mukuganiza kuti ndisinthanitsa ndikupemphera?"

"Inu ayi," ndinatero. "Anzanuwa."

Atamaliza kukwecha ndi sandipepa, dzanja lake linapita lokha kukachitini ka mafuta owalitsira. Ndinaligwira. Anapukusa mutu, nati ntchito yake sinachokepo pamphasa yosadzola, anthu adzati sadziwa kusema. Ndinamuuza kuti palibe adzaione. Anangochipukuta ndi kansalu, mizere ya mlombwa inaoneka yokha.

Mdzukulu wanga sindinamupatse chikutocho tsiku lomwelo. Ndinati choyamba tipite kuchipatala, ndipo akanene zonse ine ndili pomwepo. Ananena, mutu uli pansi. Adokotala anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa, namuuza mosapsatira kuti kwa munthu wa mphumu ngakhale nthunziyo si yabwino, chofunika n'kusiyiratu. Ndinamugunda ndi chigongono kuti amve. Titafika kunyumba ndinamupatsa chikutocho. Anaona mpando uli chopendekera kukhoma, anayang'ana chikuto chili m'manja mwake, anayang'ananso mpando. Anapita kuseri, anabwera ndi njerwa zinayi, nazisanja pomwe panali mwendo.

Sanasiyebe. Akuti wachepetsa, ndipo ine mawu a munthu mukudziwa kale mmene ndimawatengera. Kaya ndi mlombwa, kaya ndi mankhwala a adokotala aja, sindikudziwa, koma kamphaka kaja sikanalirenso. Amayi a kumpingo akabwera kudzacheza n'kufunsa za mpando, ndimati ndi chiswe.

Loweruka lililonse amabwera yekha n'kundipatsa kanthu kaja osadikira kuti ndipemphe. Ndimakatembenuza, ndimakapala pang'ono ndi chikhadabo, ndimakanunkhiza, kenaka ndimamubwezera. Ndipo m'mawa uliwonse akalowa kubafa ndimasiya kusesa, ndimakhala pampando wa panjerwa uja mosamala kuti usandigwetse, n'kutchera khutu mpaka madzi atasiya kukhavuka.