Katemera amene ndinabisa

Ndinachoka ku Bangwe chaka chimene geni yanga ya zitumbuwa inafa. Mnzanga wina anandiuza kuti ku Kasumbalesa, m'malire a Zambia ndi Congo, nyumba ina yogona alendo ikufuna wochapa zofunda. Amayi sanandiletse, anangondiyang'ana nthawi yaitali. Kwathu mkazi akapita ku boda yekha, anthu amadzimalizira okha nkhani ya ntchito imene akukagwira. Achemwali anga a Rozina ndiwo anandisenzera chikwama mpaka kudepoti.

Ntchito inali yochapadi, mashiti a madalaivala a mathiraki, kuyambira m'mawa mpaka manja kutuwa. Kandalama kakapezeka ndinkatumiza kunyumba, kakasowa ndinkazimitsa foni. Lamulungu ndinkakhala kuseri kwa thanki ya madzi n'kumamvetsera mobwereza mauthenga a achemwali, kuti ndingomvako chinenero chakwathu. Ndinkasungulumwa koopsa.

Matenda a mpox atavuta, azaumoyo anafika pamalo pathu. Anati katemera ndi wochepa, ayamba ndi amene ali pachiopsezo: osamalira odwala, okhala nyumba imodzi ndi wodwala, amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chofooka, madalaivala, atsikana oyendayenda, ndiponso ife ogwira zofunda za anthu. Ndinabayitsa, nditaima pamzere umodzi ndi atsikana aja. Kunyumba sindinanene. Ndinkaopa kuti a ku Bangwe akamva adzati, si zija tinkanena zija.

Patapita miyezi, alamu anga, amuna awo a Rozina, anadwala mpox, n'kutuluka matuza thupi lonse. Achemwali ndiwo ankawasambitsa ndi kuwachapira zogonera ndi manja. Kuchipatala anawauza achemwali kuti akabayitse katemera msanga, masiku asanapite. Achemwaliwo ankamwa ma ARV mobisa, pakhomo pakakhala alendo n'kumadumphitsa, ndipo mwa abale onse ndinkadziwa ndine ndekha. Ananditumizira uthenga wa mawu.

"Malita, akuti ndikabayitse. Koma pamzerepo akuti pamadzaza atsikana a m'mabala. A kutchalitchi akandiona aziti chiyani? Iwe kumeneko waona bwanji?"

Ndinamvetsera katatu. Kunena zoona kunali kuulula kuti nanenso ndinaima pamzere wotero. Ndinayankha kuti kuno za katemerayo sindinazimvepo, azingosamba m'manja ndi sopo, Mulungu alipo. Ndinalankhula zimenezo ndi pakamwa pangapa, mkono wanga utabayidwa kale.

Alamu anachira. Achemwali matendawo atawagwira anawalowa mpaka m'kamwa ndi m'maso. Ndinakwera basi atagonekedwa kale m'chipatala, ndipo uthenga wa maliro unandipeza tili ku Chipata. Sindinawaonenso nkhope, pakuti azaumoyo sanalole kuti bokosi litsegulidwe.

Ndinafika ndili wokonzekera miseche, koma palibe amene anandifunsa zimene ndinkachita ku boda. Azimayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ankaphika, kutunga madzi ndi kugona nafe pasiwa. Ena mwa iwo anali atabayitsa chifukwa ankalowa m'nyumbamo kudzathandiza wodwala, ndipo ankanena poyera ngati nkhani ya katemera wa ana.

Tsiku lachitatu, tikuyanika zovala kuseri, kubisa kunandikanika ndipo ndinawauza amayi zonse. Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa cha mzere uja, poti amayi ndi munthu wa kolona tsiku ndi tsiku. Iwo anangopitiriza kufinya chitenje.

"Inenso ndinabayitsa, mwanawe. Ndinaima ndi atsikana omwewo. Mmodzi anandipatsa malo ake, ati agogo pitani kutsogolo, miyendo ikupwetekani."

Anayanika chitenjecho n'kuchiwongola m'mbali, osandiyang'ana.

"Rozina ndinamupempha kuti tipitire limodzi. Anakana. Anati Malita ali komwe matendawa achuluka, kukanakhala kofunika akanandiuza."