Mesenjala wa Khonsolo ya Lunsenga

Ba Kalenga a ku Chelstone anali mesenjala wa Khonsolo ya Kumidzi ya Lunsenga, kumpoto uko. Ntchito yawo inali kupalasa njinga mudzi ndi mudzi kuitana makhansala kumsonkhano, ndipo akabwera, kuwagwedeza akayamba kuodzera. Boma litathetsa khonsoloyo, dera lake linang'ambidwa pakati ngati chitenje, mbali ina n'kupita ku boma la kumtunda, ina ku boma la kumtsinje. Ofesi inasanduka mosungira feteleza. Ba Kalenga anabwera ku Lusaka n'kuyamba kukonza njinga pamsika wa Chelstone, koma zoti Lunsenga kulibenso sizinawalowe.

Ine ndimagulitsa mababu ndi maloko pafupi ndi iwo, choncho mbiri ya Lunsenga ndaimva kuposa ulaliki. Ndimadziwa mlatho umene unamangidwa kawiri chifukwa woyamba unaphonya mtsinje. Ndimadziwanso tcheyamani amene anatsegulira chimbudzi cha pamsika atavala tayi.

Muno m'tauni anthu ochokera dera limodzi amakhala ndi bungwe la maliro. Zovuta zikagwa, bungwelo limabweretsa tenti, ufa ndi basi yopita kumanda. A ku Lunsenga wakale ali ndi mabungwe awiri, la kumtunda ndi la kumtsinje. Kulowa sikuvuta: umaimirira pamaso pa anthu n'kutchula kwanu, basi. Ba Mukuka, mkulu wa bungwe la kumtunda, anatha nsapato kuwalondola.

"Muli shani, ba Kalenga? Bwelani mujoine. Mukambe chabe ati ndimwe ba kumtunda."

"Ine ndine wa Lunsenga," ankayankha osasiya kupopa tayala. "Kumtunda ni kwamene kuchoka mvula."

Akazi awo, ba Nsofwa, ankadandaula poyera. "Imwe, tikafa bazatinyamula na njinga?" Ba Kalenga ankati njinga inanyamulapo makhansala onenepa kuposa iwo. Tonse tinkaseka, inenso ndinkaseka, ndipo lero zimandiwawa.

Ba Nsofwa anamwalira m'nyengo ya dzinja. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, azimayi anadzaza m'kati, azibambo tinatsala panja mvula ikutikwapula. Ena anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Basi yopita kumanda panalibe.

Lamlungu m'mawa ba Kalenga anavala yunifolomu yawo ya khaki, yomwe mabatani ake ankawapukuta ngakhale inasiya kale kutseka pamimba, n'kunditenga kupita ku Kabwata kumene bungwe la kumtunda limakumana. Ba Mukuka anafuna kuwapeputsira zinthu.

"Nkhalani chabe pansi, mudala. Tiziba kwamene muchoka."

"Iyayi. Lamulo ni lamulo."

Ba Kalenga anaimirira chilili, manja m'mbali, monga ankachitira potsegulira msonkhano. Anatsokomola. Anthu anadikira mpaka mwana wina anayamba kulira kumbuyo.

"Ndine Kalenga," anatero. "Wa kumtunda."

Anthu anaomba m'manja. Ba Mukuka anaimba foni, ndipo tisanatuluke n'komwe tinamva kuti tenti yanyamuka kupita ku Chelstone.

M'minibasi pobwerera, titalowa mu Great East Road, ba Kalenga anandifunsa ngati mawu awo anamveka bwino mpaka kumbuyo. Ndinati anamveka.

"Ndiye kuti yasila lelo, yathelatu," anatero akuyang'ana pawindo. "Boma inatseka ofesi kale, koma Lunsenga nayitseka ndine."