Gudumu Lomanga ndi Mphira

Ntchito yanga yoyamba ku Durban inabwera kudzera pa mashini osokera. A Nabanda, amene anandisunga nditangofika kuchokera ku Ntcheu, ndi telala ku Isipingo, ndipo ankasoka timaepuloni ta ana a pa kireshi ina, sukulu ya mkaka, kuseri kwa renki ya matekisi. Tsiku lina anandituma kukapereka timaepuloniti. Ndinapeza mwini kireshiyo, mayi Zondi, atanyamula mwana wolira, dzanja lina lili pa mopu, foni ataipana ndi phewa. Ndinaika katundu pansi n'kuwalanda mopuyo. Atamaliza kulankhula pafoni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ndibwere Lolemba, andiyese miyezi itatu.

Ntchito yake inali kukolopa, kutsuka makapu, kupukuta mamina ndi kuperekeza ana kuchimbudzi. Mayi Zondi ankadziwa kuti ndine Mmalawi, koma makolo a ana sankadziwa. A Nabanda anali atandilangiza kale kuti pagulu ndizingoti yebo ndi sharp, mawu a kuno ovomerezera, Chichewa ndizichisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Ndinamvera. Kumudzi ndinasiya mwana wanga wamkazi ali ndi amayi anga, choncho ntchito ya mopuyo ndinaigwira ndi manja awiri.

Mwezi wachitatu uli mkati, kutsidya kwa msewu kunatsegulidwa kireshi ina, ya makoma owala ndi zidole zam'sitolo zoikidwa pawindo kuti odutsa aziona. Ana athu anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Mayi Zondi anakonza zoti makolo adzabwere Loweruka lina kudzaona zimene ana awo amaphunzira, ndipo anandiitanira kukhitchini.

"Sisi, unandiuza kuti kwanu unkaphunzitsa ana," anatero. "Ndionetse. Konza kanthu ka sayansi koti makolo aone. Zikayenda, kalasi ya ana akuluakulu ndi yako. Zikakanika, eish, sindingathe kusunga munthu wa mopu yekha."

Sanandinamize, ndipo nanenso sindinawanamize. Kwathu ndinkadzipereka kuphunzitsa ana pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, kumene chilichonse chophunzitsira tinkapanga tokha. Ndinasankha kupanga gudumu loyendetsedwa ndi madzi, chifukwa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu samvetsa mawu akuti mphamvu, koma akaona madzi akuzungulitsa chinthu amayamba kufunsa yekha.

Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo aliyense angayese. Mumatenga chivundikiro cha chidebe cha pulasitiki, chozungulira bwino, kuti chikhale gudumu. Mumatola zitsekerero za mabotolo a zakumwa n'kuzitsuka ndi sopo. Mumagwira msomali ndi pulayala, kuuwotcha pa sitovu mpaka utafiira, n'kuboola timabowo tiwiri pa chitsekerero chilichonse ndi tiwiri tinanso m'mbali mwa gudumu pamene chitsekererocho chidzakhale. Zitsekerero zonse ziyenera kuyang'ana mbali imodzi, ngati timakapu todikira madzi. Pakati pa gudumu mumaboola bowo lalikulupo n'kulowetsamo chubu cha bolopeni yotha inki, ndipo m'chubumo mumadutsitsa waya wowongola wa hang'ala. Wayayo amagona pa chigubu cha madzi chimene mwachidula pakati ndi sizasi. Potsiriza mumaboola botolo lalikulu chakunsi kwake, kuti mukachotsa chala pabowopo madzi azigwera m'zitsekerero.

Chomangira zitsekerero ndinachipeza kwa anyamata okonza matayala pafupi ndi renki. Anandipatsa chubu chakutha cha tayala, ndipo ndinachidula tizingwe tating'ono ta mphira monga timachitira kwathu pomanga katundu panjinga, khasu logweduka kapena galimoto yawaya. Ndinalowetsa tizingweti m'timabowo tija n'kumanga mfundo. Nditathira madzi, gudumu linazungulira mpaka kuwaza khoma.

A Nabanda anasiya kupalasa mashini, n'kutsitsa magalasi awo.

"Iwe, chinthuchi chikuyendadi. Koma ukachitengere kwa makolo chili chonchi? Mfundo zakuda bii mbali zonse! Anthu akangoona adziwa kuti wachokera kumudzi dzulo. Kuno si ku Ntcheu, mwana wanga."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilowa. Ndinakumbukira zidole za pawindo la kutsidya kuja, zosalala, zopanda mfundo ngakhale imodzi. Ndinadula tizingwe tonse. Ndinabwereka kamfuti ka guluu kwa a Nabanda, kamene amamatira mikanda pa madiresi aukwati, n'kumata zitsekerero bwinobwino, timabowo tonse n'kubisika. Ndinayesa ndi kapu imodzi ya madzi ndipo linazungulira. Kenaka ndinalipaka penti wa ana wa ku kireshi, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Linakongola moti sindinafunenso kulinyowetsa. Ndinalikulunga m'chitenje, ndipo m'tekisi ndinalifungatira pamiyendo ngati khanda.

Loweruka lija makolo anabwera ambiri kuposa mmene tinkayembekezera. Anakhala pa timipando ta ana, maondo atafika pachifuwa. Ana anaimba, anawerenga manambala, kenaka mayi Zondi anandikodola. Ndinaika beseni patebulo, gudumu m'kati mwake, n'kufukula chitenje. Mayi wina anati, "Hawu, kuhle!" kutanthauza kuti n'chokongola. Ndinauza ana kuti aime patali, asagwire. Ndinakweza botolo n'kuchotsa chala.

Linazungulira ndithu, koma kwa kanthawi kochepa. Choyamba kugonja anali penti. Penti wa ana amapangidwa kuti azichoka ndi madzi, ndipo ineyo amene ndinkachapa timaepuloni tsiku ndi tsiku ndinayenera kukumbukira zimenezo. Mitundu yonse inasungunuka n'kusanduka thope labulauni, gudumu n'kumaliwaza. Madontho ena anafika pa malaya oyera a bambo wina amene anakhala kutsogolo. Ndisanatseke botolo, chitsekerero chimodzi chinathothoka n'kugwera m'beseni, china n'kutsatira. Guluu uja sagwira pa pulasitiki yosalala ikanyowa. Gudumu linapendama, linagwedezeka, n'kuima.

Kumbuyo wina anaseka chapansipansi. Mayi Zondi anayang'ana pansi. Ine ndinaona ntchito ikundipulumuka m'manja anthu onse akuonerera. Ndinaganiza za mwana wanga kumudzi. Ndinachita manyazi kwambiri, koma pansi pa manyaziwo panali mkwiyo, chifukwa ndinkadziwa kuti gudumulo limayenda. Ndinaliona ndi maso anga likuyenda.

Kamtsikana kena dzina lake Lwandle, kamene sikankamva kuti usagwire ngakhale utanena kakhumi, kanapisa dzanja m'thope muja n'kutola chitsekerero. Kanakanda guluu ndi chikhadabo, guluuyo n'kumatuka yense ngati khungu la chilonda. Kanakweza chitsekererocho kumaso n'kundisuzumira kudzera pa kabowo.

"Teacher, kali ndi maso," kanatero.

Timabowo tanga tija tinali tikadalipo, pa zitsekerero ndi pa gudumu pomwe. Chosowa chinali chomangira. Ndiye ndinakumbukira kontena yanga ya chakudya. Chivundikiro chake sichinkatseka bwino, choncho tsiku lililonse ndinkaizunguliza chingwe cha mphira chotsala pa chubu chija, n'kumaibisa pansi m'chikwama kuti anzanga asaione.

Ndinapempha makolo kuti andidikire pang'ono. Sindinadikire yankho. Ndinatulutsa kontenayo pamaso pa onse, nyemba zikuonekera m'kati, n'kumasula chingwe. Ndinachidula tizingwe ndi sizasi, nsonga zake ndikuzisongola kuti zilowe m'timabowo. Ndinataya madzi akuda aja, n'kutsuka gudumu pampopi mpaka penti yense atachoka. Linatsala loyera mbuu, dzina la margarine likuonekanso pachivundikiro.

Manja anga okha sakanakwanitsa msanga, choncho ndinaitana ana omwe ndinawauza kuti aime patali aja. Aliyense ndinamupatsa chitsekerero kuti amatule guluu. Wina ankagwira gudumu, wina ankakanikiza chitsekerero pamalo pake, ine ndikulowetsa mphira ndi kumanga. Lwandle anaika chake chozondoka. Ndinatsala pang'ono kuchitembenuza, koma ndinadziletsa.

"Chisiye choncho, tione chimene chichitike," ndinatero.

Titathira madzi, gudumu linayenda mojejema, ndipo likafika pa chitsekerero chozondokacho linkazengereza. Ndinafunsa ana kuti vuto lili pati. Anakangana okhaokha m'Chizulu, zala zikuloza uku ndi uku, mpaka Lwandle mwini wake anakuwa kuti chake sichikumwa madzi. Anachitembenuza, ndinamanganso, ndipo gudumu linathamanga.

Kuyambira pamenepo sindinaphunzitsenso ndi pakamwa. Mwana mmodzi ankatseka bowo la botolo ndi chala, gudumu n'kuima. Akachotsa chala, n'kuyambanso. Ndinawafunsa kuti tingatani kuti lithamange kwambiri. Wina anati tiliuzire, ndipo tinayesa. Wina anati tilikalipire, ndipo makolo anaseka, kuseka kwabwino tsopano. Kenaka wina anati tikweze botolo m'mwamba. Ine ndine wamfupi, choncho bambo wa malaya oyera uja, amene ndinkaopa ngakhale kumuyang'ana, anadzuka yekha, ananyamula mwana wake paphewa n'kumupatsa botolo. Madzi atagwa kuchokera pamwamba apo, gudumu linazungulira mpaka zitsekerero kusaonekanso, ndipo ana anakuwa moti a kutsidya kwa msewu ayenera kuti anamva.

Zitatha, bamboyo anawerama n'kumayang'anitsitsa mfundo zanga. Anakoka chitsekerero chimodzi mwamphamvu, mphira n'kutamuka, chitsekererocho n'kubwerera pamalo pake.

"Sisi, kumanga kotereku unakuphunzira kuti?" anafunsa.

Makolo ena ankamvetsera. Yankho lozemba linali pafupi, lomwe ndinkapereka masiku onse, loti kumudzi basi. Koma ndinali nditatopa ndi kumata guluu pa zinthu.

"Ku Malawi," ndinatero. "Kwathu timamanga chonchi."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kuyang'ananso gudumu.

"Sharp," anatero. "Undidulireko tizingwe tingapo. Uyu sandigonetsa ndikapanda kumupangira lake."

Sindinganame kuti onse anasangalala. Mayi mmodzi anagwira mwana wake padzanja n'kutuluka osatsanzika, ndipo mwanayo sanabwererenso. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chinamuchotsa chinali thope lija kapena yankho langa. Koma ena onse anatsala, ena mpaka kufunsa kuti azibweretsa mabotolo amtundu wanji.

Anthu atapita ndinatenga mopu kuti ndikolope madzi amene anali ponseponse. Mayi Zondi anandilanda, monga mmene ine ndinawalandira tsiku loyamba lija.

"Lolemba ulowe m'kalasi," anatero. "Ubwere ndi mphira wambiri. Koma penti wanga usamukhudzenso."

Papita zaka tsopano, ndipo ndapanga zambiri: sikelo ya hang'ala ndi makapu a yogati, foni ya zitini ndi ulusi, munda wa nyemba m'mabotolo odula kuti ana aziona mizu ikukula. Chilichonse ndimachiyesa kaye monga mmene ana adzachigwiritsire ntchito, chonyowa, chogwetsedwa pansi, chokokedwa mbali ziwiri. Ndipo sindibisanso pomangira. Mwana akaona mfundo amadziwa kuti chinthucho chinapangidwa ndi munthu, ndipo chikathyoka amabwera nacho kwa ine kuti tikonze, m'malo mokachibisa kuseri kwa kabati.

Loweruka lija ndinakwera tekisi chitenje chili chonyowa, manja ali abulauni ndi penti. Nditafika kunyumba ndinapeza nyemba zonse zitakhuthukira m'chikwama, poti kontena inalibenso chomangira. A Nabanda anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Zavuta eti? Akuchotsa?"

"Ayi, a Nabanda," ndinatero ndikukokolola nyemba ndi supuni. "Kamfuti kanu kali apo, zikomo. Mawa mundiperekeze kwa anyamata a matayala aja, ndikufuna chubu chathunthu."