Chigoli cha a ku Sanga

Anyamata a masiku ano akamakuwa pa kanema kuti VAR yawabera, ine ndimangowayang'ana pakamwa. Akudziwa chiyani za kuberedwa? Ife ku Kande tinali ndi VAR yathu kalekale, magetsi asanafike n'komwe, ndipo amene anaiwononga ndine. Ndinawononganso dzina la munthu wabwino. Ndikunena poyera chifukwa ndakula, manyazi anatha pamodzi ndi tsitsi.

Ndinafika ku Kande ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, kuchokera kwathu ku Dedza, kudzatsuka mapoto pa loji ina. Chitonga sindinkachimva. Munthu akati "timoneni", ine ndinkangomwetulira ngati chitsiru. Kondowole, nsima yawo ya chinangwa, anandikakamira pakhosi mwezi wathunthu. Nditayesa kupalasa bwato ndinagubuduka pamadzi olekeza m'chiuno, amayi amene ankachapa anaseka mpaka kugwetsa sopo. Anyamata a m'mudzi anandipatsa dzina loti Kachewere, ndipo ndinkaitanidwa choncho ngakhale kutchalitchi. Koma chinthu chimodzi ndinkachitha: kugwira mpira. Goloboyi wa timu ya m'mudzimo atapita ku Joni, anandiika pagolo. Ankandiombera m'manja Loweruka, Lolemba n'kubwereranso kukhala Kachewere.

Bwalo lathu linali kuseri kwa sukulu. Pakati panali kaudzu, koma kumagolo kunali mchenga wokhawokha. Mitengo ya golo inali ya bulugama, pamwamba nsungwi. Ukonde kunalibe. Mudzi wodzaza ndi maukonde, koma ukafunsa ankakuyankha kuti ukonde ndi wa usipa, si wamasewera. Mpira ukathawa unkagwera m'munda wa chinangwa wa mayi wina wolusa, ndipo pankapita nthawi anthu akunyengererana kuti akautenge ndani.

Oyimbira mpira anali bambo wina wosema mabwato, mkulu wa mpingo, amene tonse tinkangowatchula kuti ada, ndiye kuti bambo m'Chitonga. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, kabudula wa khaki wosita bwino, wezulo atamangirira pa chingwe cha mbedza. Kubwalo ankabwera ndi tsache. Inde, tsache lenileni losesera pakhomo. Mpira usanayambe ankasesa mchenga wa pagolo mpaka kusalala, n'kulemba mzere ndi kamtengo kuchokera pa mtengo uwu kufika pa uwo. Mpira ukathawira m'chinangwa muja, iwo ankathamanga kukasesanso. Tsono mpira ukagwa pamchenga wosesa umasiya chidindo chake, chozungulira bwinobwino, nthawi zina ndi misoko yomwe. Mkangano ukabuka, ada ankaimba wezulo n'kukuwa kuti, "Pasasunthe munthu!" Tonse tinkauma pomwepo, wina mwendo uli m'malere. Iwo ankagwada, n'kuyang'ana chidindo chija, n'kuyeza ndi zala kuchokera pa mzere. Akadzuka, mlandu watha.

"Mchenga ulibe mbale," ankatero akupukuta mawondo.

Abale inu, kunali kokoma. Anthu mazana ali zii, kudikira nkhalamba imodzi yogwada pansi. Ngakhale ogulitsa nzimbe ankasiya kuitanira. Mbiri ya ada inafika kutali. Ankawaitana ku Chintheche, ku Sanga, ndipo kamodzi anawatumizira boti kuchokera kumpoto. Tsiku lina anakana chigoli cha mwana wa mlongo wawo, mlongoyo n'kukhala sabata ziwiri osawapatsa moni. Iwo ankangoseka. Chuma analibe, nyumba yawo inali yaudzu, koma akamadutsa pamsika anthu ankati, "Awo ndi ada a tsache, sanama."

Chaka changa chachiwiri, wamalonda wina anapereka mbuzi ndi mpira watsopano kuti midzi ipikisane. Ndime yomaliza tinatsala ife ndi a ku Sanga. A ku Sanga anavomera kudzasewera kwathu, woyimbira wa kwathu, chifukwa anali ada. Anabwera pa lole, akuimba, amayi awo atamanga zitenje m'chiuno, n'kukaima kuseri kwa golo langa kuti azinditukwana bwino. Zambiri sindinazimve, koma mawu oti kachewere ndinawamva. Kaya anawauza ndani.

Tinagoletsa chimodzi m'chigawo choyamba, n'kuchikakamira. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, msodzi wawo wina wamtali, wosewera wopanda nsapato, anaumenya ndi mwendo wamanzere. Mpira unawomba nsungwi, n'kutsika pansi. Ndinauona ndi maso angawa. Unagwa mkati, kuseri kwa mzere, n'kunjanjira kunja. Ndinaudumphira, n'kuugonera. Ndipo pogona paja sindinangogona. Ndinadzikoka ndi chifuwa, mawondo ndikupalasa, mpaka ndinadziwa kuti chidindo chapita.

"Pasasunthe munthu!"

Ine n'kuti nditasuntha kale. Nditadzuka, pamchenga panali ngati posamba nkhuku. Amayi a ku Sanga ankalumpha kuti chalowa, athu ankakuwa kuti ayi. Ada anagwada nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anadzuka, n'kuitana kaputeni wa a ku Sanga.

"Mchenga wafufutika," anatero. "Koma pali munthu mmodzi amene anali pafupi kuposa tonsefe. Mnyamata uyu ndi mlendo. Kuno alibe bambo, alibe mlongo, alibe munda. Anamire ndani?"

Kaputeni uja anakanda m'mutu. Ada anatembenukira kwa ine.

"Mwana wangu, walowa kapena sunalowe?"

Ndinayang'ana anzanga khumi aja, thukuta lili kamukamu, maso onse pa ine. Zaka ziwiri ndikudya ndekha kuseri kwa khitchini ya loji. Ada ankaganiza kuti munthu wopanda abale alibe chonamira. Sanadziwe kuti ameneyo ndiye amafunitsitsa abale.

"Sunalowe, ada."

Ada anakana chigolicho, ndipo mpira utatha anzanga anandinyamula pamapewa mpaka kumsika. Mbuzi tinadya, ine anandipatsa chiwindi. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Kachewere linafa, ndinasanduka "alamu". Chitonga chinayamba kulowa chokha. Ndinaphunzira kupalasa, ndinapatsidwa kamunda. Ndisaname, zinandikomera kwambiri.

Koma a ku Sanga anali ndi maso. Amayi aja anaona zimene ndinaona ine. Sanalimbane ndi ine, mlendo wotsuka mapoto. Analimbana ndi ada. Anapeka nyimbo ya tsache losesera kwawo, ndipo asodzi ankaiimba pamabwato akamadutsa pagombe pamene ada ankasemera. Ku Chintheche anasiya kuwaitana. Chaka chotsatira a ku Sanga anati sasewera pokhapokha abwere woyimbira wina, ndipo kunabwera mphunzitsi wa ku boma wa makadi m'thumba, amene ankaimba ofusayidi ali pakati pa bwalo. Ada anapachika wezulo pamsomali. Sanadandaule. Munthu akawaputa ankangoti, "Mwana yuja anandiyang'ana m'maso. Ine ndikumukhulupirira."

Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri. Ndinkati ndiwauza mawa. Mawa lake ndinkawatengera mutu wa kampango kuchokera ku loji, n'kubwerako osanena kanthu. Nditapeza mbeta m'mudzimo, abale anga anali kutali, ndipo amene anaima ngati nkhoswe yanga anali ada omwewo. Anauza akuchikazi kuti, "Katundu alibe, koma lilime lake ndi limodzi." Ndinakhala pamkeka paja nditaweramitsa mutu, anthu n'kumati mkamwini waulemu.

Zaka zinapita, zoposa makumi awiri. Ine ndinakwera n'kukhala mkulu wa ophika, mimba inatuluka, pagolo panaima ana athu. Bwalo lija analikonza, anaika magolo achitsulo ndi maukonde ogula. Ada ng'ala inawagwira maso onse awiri, anasiya kusema. Chimene chinawatsalira chinali mpira wa pa kanema. Loweruka lililonse masana ndinkakawatenga, iwo atagwira mkono wanga, mpaka pa shedi ya malata pamsika pamene amaonetsa mpira. Tinkakhala pa benchi yachiwiri. Iwo ankamva phokoso, ine ndinkawauza zimene zikuchitika.

VAR itabwera, anyamata anaida. Amati imapha chisangalalo, munthu wavula kale malaya akuvina, kenaka akuti dikirani. Amati oyimbira amaonera kanema yemweyo koma n'kugamula mokondera matimu akuluakulu. Nthawi zina ankanena zoona, ine ndemwe ndinatukwanapo. Koma ada anaikonda kwabasi. Woyimbira akajambula bokosi m'malere n'kuthamangira pa kakanema kake, ndinkawanong'oneza, iwo n'kumenya ndodo pansi.

"Pasasunthe munthu!" ankakuwa, shedi yonse n'kufa ndi phwete. "Ameneyo ndi mchenga wawo. Achedwa nawo, ife tinayamba kale."

Akatero ankapendekera kwa ine. "Waona chiyani?" Ndikati dzanja lakhudza, kwa iwo nkhani yatha, ngakhale shedi yonse itsutse. Ankati, "Maso anga ndi awa."

Tsiku lina kunali mpira wa matimu a kuno ku Africa. Mpira unawomba chitsulo, n'kutsika, goloboyi n'kuukokera kunja. Woyimbira anathamangira pa kakanema. Anatibwerezera kanayi, pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Walowa?" anafunsa ada.

"Walowa, ada."

"Nanga goloboyi akuti chiyani?"

"Akukana. Akuloza kumwamba, akulumbira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wabodza ameneyo! Ee, mwana wangu, si onse ali ngati iwe." Anandisisita pabondo.

Mpira wotsalawo sindinauone. Pobwerera, dzuwa likadali pamwamba, tinafika pa mtengo wa mango wa pamphambano, ine n'kuima.

"Ada, mpira uja wa a ku Sanga unalowa."

Sanafunse kuti uti. Dzanja lawo linali pa mkono wanga, ndinalimva likulemera.

"Wonse?"

"Wonse."

"Zala zingati kuchokera pa mzere?"

"Chikhatho chathunthu. Chidindo ndinafufuta dala."

Ndinkayembekeza ndodo, ndipo ndikanailandira. Ndinkayembekezanso, mwaumbuli wanga, kuti mwina aseka n'kunena kuti ankadziwa kale. Ayi ndithu. Sankadziwa. Nkhope yawo inagwa, ndipo ndinaona kuti ndawapweteka kachiwiri. Tinaima pamenepo mpaka njinga ina inatiimbira belu.

"Lolemba upemphe tchuthi kuntchito," anatero. "Chigolicho chili ndi mwini wake."

Lolemba tinakwera minibasi. Ada anavala jekete la kutchalitchi. Njira yonse sanandiyankhule, kupatula kundifunsa ngati tadutsa pa Chintheche. Ku Sanga tinafunsira msodzi wamtali wa mwendo wamanzere, ndipo tinamupeza pansi pa mtengo akusoka ukonde ndi anzake. Imvi zinali mbuu, mano akutsogolo atapita. Titatha malonje, ada anakana mpando. Anaimirira mowongoka, ndodo kutsogolo, n'kukweza mawu ngati ali pabwalo.

"Ine ndine ndinaimbira mpira wa mbuzi ku Kande. Ndinakana chigoli chanu. Ndinalakwa. Chinalowa ndi chikhatho chathunthu. Mpira uja unatha chimodzi kwa chimodzi."

Asodzi aja anayang'anana. Wamtali uja anaika singano pansi, n'kuyamba kuseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Ada, mwavutikiranji ulendo wonsewu? Ife tinkadziwa. A ku Kande omwe ankadziwa. Amene simunkadziwa ndinu nokha."

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha," anayankha ada.

Ine ndinali chiimire pambali pawo, koma anati ndekha. Ndinagwada pamchenga n'kupepesa, kwa msodziyo ndi kwa anzake. Msodziyo anandidzutsa, anati zakale sizitola nkhuku. Hmm, kaya anatanthauza chiyani, koma anatiphikira tiyi, ndipo mpaka madzulo ankakumbutsana ndi ada za mipira yakale, za mayi wa chinangwa uja, za nsungwi imene inathyoka goloboyi atailendewera. Nyimbo ija palibe anaitchula. Potsanzikana msodziyo anagwira dzanja la ada ndi manja awiri, n'kuti, "Yewo, ada a tsache."

Sabata yonseyo sindinapite kwawo. Loweruka ndinazengereza, ndinasesa pakhomo posafunika kusesa, mpaka mkazi wanga anandithamangitsa. Ndinawapeza atakhala pakhonde, chipewa kumutu, akundidikira.

"Wachedwa," anatero, n'kugwira mkono wanga ngati kale.

Mtima unakhala pansi. Panjira anandifunsa za ana, za bwana watsopano wa pa loji. Tinakhala pa benchi yathu, ndinawagulira mtedza, tinagawana. Chigawo chachiwiri wosewera wina anagwa m'bokosi, shedi yonse inaimirira, woyimbira n'kuthamangira pa kakanema. Ndinaona bwinobwino kuti sanamukhudze, wadzigwetsa yekha. Ndinasendera pafupi, pakamwa nditatsegula kale.

Ada anatembenukira kumanzere. Kumeneko kunakhala woitanira minibasi wina, munthu woti akakuuza kuti galimoto inyamuka pompano umadziwa kuti ukhala ola lathunthu.

"Achimwene," anatero ada, "mwaona chiyani?"

Ada anakhala ndi moyo madzinja ena atatu. Loweruka lililonse ankagwira mkono wanga, ankadya mtedza wanga, ankanditchula mwana wawo. Sanandifunsenso.